Nyumba ya lendi ku Mulanje: malo, mvula ndi munthu wogonamo

Kuno ku Mulanje munthu akagwira kandalama kooneka, kaya ndi penshoni, kaya wabwera nako ku Joni, kaya nandolo wamukomera chaka chimenecho, malangizo amene amamva kwa aliyense ndi amodzi: manga nyumba ya lendi. Amati minibasi imagwa, golosale imatha ndi ngongole za abale, koma nyumba sithawa. Mawuwa ali ndi choonadi chake, ndipo ine ndine mmodzi wa amayi amene anawamvera. Ndili ndi tinyumba tanga chakufupi ndi Chitakale, ndipo fizi ya ana anga yakhala ikuchokera mmenemo. Koma alangizi aja satchula kuti nyumba yosathawayo imathanso kukhala yokhoma miyezi ingapo, kapena kukhala ndi munthu amene mukukokana naye mwezi ndi mwezi mpaka nonse kutopa. Ndalama ya lendi imachokera m'thumba la munthu amene wasankha kugona m'nyumba mwanu, ndipo mwezi uliwonse akusankhanso kusasamuka. Amene akufuna kuyamba ntchitoyi ayambe waganizira munthu ameneyo asanagule ngakhale thumba limodzi la simenti.

Koma munthuyo asanafike pamafunika malo, ndipo kwathu kuno nkhani ya malo ndi yolemera. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'boma la Mulanje muli anthu oposa 680,000, ku Thyolo oposa 720,000. Anthu onsewa akupanikizana pa malo amene anatsala minda ya tiyi itatenga gawo lake, kuyambira m'zaka za m'ma 1890 pamene azungu anayamba kudzala tiyi m'munsi mwa phirili. Mukayenda pa msewu wochokera ku Limbe kudzera pa Bvumbwe, Thyolo, Luchenza mpaka ku Muloza, maso amakuuzani okha: uku tiyi wa maesiteti mpaka polekezera diso, uku midzi yothithikana, nyumba kuseri kwa nyumba, chimanga chofika pakhomo penipeni. Pa malo otere palibe kachigawo kopanda mwini. Ngakhale pamene pakuoneka ngati patchire pali anthu amene akupawerengera.

Ndipo kawirikawiri mwini wake si amene akukutsatsaniyo. Ife Alhomwe ndi Amang'anja timatsata kuchikazi. Munda ndi wa mbumba, umachoka kwa mayi kupita kwa ana ake aakazi, ndipo amalume ndiwo amayang'anira ngati eni mbumba. Mnyamata akhoza kukupezani pa Chitakale, n'kupita nanu pa malo okongola a m'mbali mwa msewu, n'kukuuzani kuti ndi a malemu mayi ake. Sakunama, ndi a mayi akedi. Koma achemwali ake amene ali ku Ndirande akudziwa? Amalume ake avomera? Nanga amayi ake aang'ono amene akhala akulima chinangwa m'mphepete mwakemo auzidwa? Anthu amenewa saoneka tsiku lopereka ndalama. Amatulukira khoma litafika pa lintala, ndipo akatulukira amakhala ndi mlandu womveka, chifukwa malowo ndi awodi. Inu mumatsala ndi kapepala kosainidwa ndi munthu mmodzi amene mwina pofika nthawi imeneyo ali ku Johannesburg.

Choncho pogula malo musapupulume, ngakhale wogulitsayo anene kuti pali wina amene akubwera mawa ndi ndalama. Pemphani kuti mbumba yonse ikhale pansi, anyakwawa ndi agulupu alipo. Aliyense wokhudzidwa asaine kapena adinde chala, makamaka amayi. Yendani malire onse pamodzi ndi oyandikana nawo malowo, kwirirani mabikoni a simenti tsiku lomwelo anthu akuona, jambulani zithunzi. Ndalama zidutse njira yosiya umboni, kubanki, pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Banja loona mtima silikhumudwa ndi zimenezi. Likhoza kudandaula za kuchedwa, koma silikana kuitana mwana wawo wamkazi.

Ndilankhulekonso kwa abambo amene ali pa chikamwini, poti ambiri mwa omanga nyumba za lendi m'midzi yozungulira maboma athuwa ndi iwo. Mwamuna amagwira ntchito zaka zambiri, n'kumanga mdadada wa zipinda pa malo a kwawo kwa mkazi wake, zonse zili bwino. Banja likasokonekera, kapena mkaziyo akatsogola, amapezeka kuti nyumba ndi yake koma nthaka si yake, ndipo nyumba sinyamulika. Ine ndine mwana wamkazi wa mbumba ndipo mwambo wathu ndimaukonda, chifukwa wateteza amayi ndi ana ambiri amene kwina akanalandidwa zonse. Koma chilungamo chikhalepo mbali zonse. Ngati mwamuna akuika thukuta lake pa malo a akuchikazi, nkhaniyo ikambidwe poyera banja likadali pamtendere, amalume a mkaziyo alipo, ndipo zilembedwe kuti lendi ndi ya ndani lero, ndi ya ndani mawa. Kapena awiriwo agule malo ena apadera, alembetse mayina onse awiri.

Za malamulo ndinene mwachidule. Mu 2016 nyumba ya malamulo inavomereza malamulo atsopano a malo, ndipo ena anakonzedwanso mu 2022. Lamulo la malo a makolo limalola munthu kapena banja kulembetsa malo awo kudzera mu komiti ya malo ya kwa gulupu, komiti imene mwa mamembala ake osankhidwa theka ayenera kukhala amayi. Kulembetsaku anayamba kukuyesera ku Phalombe, Kasungu ndi Rumphi. Palinso malo a lizi, amene mumalipira ndalama kuboma chaka ndi chaka ndipo mumayenera kuwatukula, apo ayi akhoza kulandidwa. Musanapereke ndalama fikani ku ofesi ya malo kwa DC mukafunse kuti malowo ali m'gulu liti, ndiponso ngati sali mu gawo losungira msewu kapena pansi pa mawaya a magetsi. Ngati mukumanga pa boma kapena pa Luchenza, pulani ya nyumba ipite kukhonsolo. Ndi ulendo wotopetsa, koma nyumba yokhala ndi mapepala ndi imene tsiku lina banki ingailandire ngati chikole, ndiponso ndi imene bungwe lalikulu lingavomere kuichita lendi.

Pali funso lina limene ofesi singakuyankheni, koma agogo a pamudzipo akhoza: madzi amadutsa pati mu February? Malo amene mwawaona mu September, ouma bwino, otchipa modabwitsa, mwina ndi njira ya madzi. Ife okhala m'munsi mwa phiri timamudziwa napolo. Akuluakulu akukumbukirabe za ku Phalombe mu March 1991, ndipo tonsefe tinaona zimene namondwe Freddy anachita mu March 2023, miyala ndi matope kutsika m'phiri, mitsinje kusiya njira zake, midzi kukokoloka ndi anthu omwe. Namondwe Ana anali atadutsa kale mu January 2022. Ruo, Likhubula, Lichenya, Thuchila, Muloza, yonseyi ndi mitsinje yofatsa m'chilimwe. Mukamanga nyumba yanu yogona pa malo oopsa, mwaika moyo wanu pachiswe mwa kufuna kwanu. Mukamangapo ya lendi, mwaikapo ana a munthu wina amene wangobwera pa transifa kuchokera ku Kasungu, sakudziwa kuti mtsinjewo umafika pati. Ine malo otere sindingagule ngakhale atandipatsa pa theka la mtengo. Kaoneni malo mvula ikugwa, muone kumene madzi akulowera, muone ngati pali miyala ikuluikulu yobulungira imene inachita kubwera ndi madzi.

Tsopano tibwerere kwa wogonamo uja. Ndani adzalowe m'nyumbayo? Funsoli likuoneka lophweka, koma anthu ambiri amamanga nyumba ya maloto awo, ya zipinda zinayi, matailosi ndi galaji, pa malo pamene anthu ofuna nyumba ndi aphunzitsi a pulayimale ndi anyamata a kabaza. Nyumbayo imakhala nthawi yaitali ikudikira bwana wa bungwe amene sakubwera, pamapeto mwini wake n'kuipereka pa mtengo wa nyumba ya zipinda ziwiri. Dera lililonse lili ndi anthu ake. Pa boma la Mulanje ndi Chitakale pali ogwira ntchito kwa DC, anamwino a pachipatala cha boma, apolisi, aphunzitsi, ogwira ntchito m'mabanki ndi m'mabungwe. Ambiri mwa iwo amafuna zipinda ziwiri, pabalaza, khitchini, madzi ndi magetsi, mkati mwa mpanda. Chakufupi ndi Mulanje Mission kuli ophunzira za unamwino ndi ogwira ntchito pachipatala. Ku Limbuli ndi Muloza kuli a kasitomu, a imigireshoni, ndi amalonda a chimanga ndi nandolo amene amadutsa malire kupita ku Milange, ndipo kumeneko chipinda chosungiramo katundu kapena kashopu ka m'mbali mwa msewu nthawi zina kamaposa nyumba yogona. Ku Thyolo, yunivesite ya MUST itatsegulidwa ku Ndata mu 2014, dera la Goliati linasintha, ndipo ophunzira osowa malo m'mahositelo amafuna kachipinda kokhala ndi soketi, tebulo ndi chitseko cholimba. Ku Makwasa kuli Malamulo ndi koleji yake. Pa Bvumbwe pali anthu amene amagwira ntchito ku Limbe koma amathawa lendi ya m'tauni.

Gulu lililonse lili ndi nyengo yake ya ndalama, ndipo landilodi ayenera kuidziwa monga mlimi adziwira nyengo ya mvula. Wa boma amalandira kumapeto kwa mwezi, ndipo akhoza kuchoka mwadzidzidzi akamusamutsa. Wophunzira amalipira sukulu ikatsegulidwa, pa holide chipinda chimakhala chokha. Wothyola tiyi amene si wokhazikika amakhala ndi ndalama nthawi ya mvula pamene tsamba lachuluka, tsamba likachepa ntchito imathanso. Wamalonda a mbewu amalemera pokolola, n'kuuma mu January. Mukadziwa zimenezi simudabwa, ndipo mumatha kupangana malipiro ogwirizana ndi moyo wa munthuyo. Ine kwa woyamba kumene ndimalangiza nyumba zing'onozing'ono ziwiri kapena zitatu m'malo mwa chinyumba chimodzi. Wina akatuluka, enawo akulipirabe.

Pomanga, kumbukirani kuti mukumanga ku Mulanje, kumene mvula imagwa yochuluka kuposa madera ambiri a dziko lino, ndipo ikaleka kumabwera chiperoni cha mu June ndi July chimene chimanyowetsa mpaka zovala za m'sutikesi. Mdani wamkulu wa landilodi kuno ndi chinyezi. Tenanti akhoza kupirira nyumba yaing'ono, akhoza kupirira kutalika kwa msika, koma akaona sofa yake yachita chuku, nsapato zayera, mwana akutsokomola usiku uliwonse, amayamba kufunsa anzake za nyumba ina osakuuzani. Ndiye maziko akwere bwino kuchoka pansi. Pakati pa maziko ndi khoma payalidwe pepala lakuda lija loletsa madzi kukwera, ndipo muime pomwepo mmisiri akuyala, chifukwa likakwiririka simudzaonanso ngati lilipo. Denga litsetsereke mokwanira, lituluke kunja kuti mvula isamamenye khoma, ndipo limangidwe ndi mawaya ku ring beam, lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa khoma, kuti mphepo isalinyamule. Pa malata, nambala ya geji ikamakwera malatawo amakhala opyapyala. Geji 32 ndi yotchipa lero, koma geji 28 ndi imene idzakulekeni mugone mvula ikamagwa usiku. Kuzungulira nyumba kukhale ngalande ya simenti yotaya madzi kutali. Mawindo ayang'anizane kuti mpweya uzidutsa. M'maziko muthiridwe mankhwala a chiswe, matabwa a denga apakidwe. Ndipo wina akakutsatsani matabwa a mkungudza usiku, mukaneni. Mtengo umenewu ndi wa dziko lonse, watsala pang'ono kutheratu m'phirimo, kuudula n'koletsedwa, ndipo phiri lopanda mitengo ndi lomwe limatitumizira matope aja.

Za njerwa, boma linaletsa mu 2018 njerwa zowotcha pa zomanga zikuluzikulu za boma ndi za mabungwe pofuna kuteteza mitengo. Anthu wamba ambiri akuwotchabe, koma nkhuni zadula, ndipo mabuloko a simenti akupezeka m'matauni athuwa. Werengetsani zonse ziwiri pamodzi ndi simenti yomangira ndi ya pulasitala musanasankhe. Mmisiri mulipireni ndi gawo: maziko akatha, khoma likafika pa windo, pa lintala, denga likakwera. Kwa achimwene ndi achemwali amene muli kunja ndipo mukutumiza ndalama kumudzi, chithunzi cha pa WhatsApp chisakukwanireni. Pezani munthu wachiwiri, wosakhala wa banja lomwelo, woti azikafika pamalopo n'kukuimbirani pa vidiyo ataima pakhomo.

Chimbudzi ndi bafa ndi pamene malandilodi ambiri amachitira umbombo, ndipo zimandipweteka mtima. Mdadada wa zitseko zisanu ndi chimodzi, mabanja onsewo chimbudzi chimodzi chopanda chitseko chenicheni, bafa la mapepala a pulasitiki. Pa dothi lonyowa ngati lathuli dzenje losamangira njerwa m'kati limagumuka mvula ikachuluka. Tonse tikukumbukira kolera ya 2022 mpaka 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Matendawa amakonda malo othithikana amene madzi ndi zimbudzi zili zoperewera. Ngati ndalama yakwana zipinda zisanu ndi chimbudzi chimodzi, mangani zipinda zinayi ndi zimbudzi ziwiri. Pakhale dzenje la zinyalala, chingwe choyanikira zovala chokwanira onse, ndi malo ophikira osavumbwa. Amayi ndi amene amakhala pakhomo nthawi yaitali, ndipo kawirikawiri ndi amene amagamula ngati banja likhale kapena lisamuke.

Tiwerengeko ndalama, chifukwa apa ndi pamene maloto ambiri amayenera kudzuka. Mitengo ikusintha msanga moti chimene ndingalembe lero mawa chikhala chakale, ndiye tingoyerekeza. Tinene kuti malo ndi kumanga zakudyerani K12 miliyoni, ndipo lendi ya m'dera lanulo ndi K80,000 pamwezi. Pachaka ndi K960,000, kutanthauza kuti ndalama yanu ibwerera patatha zaka 12 ndi theka. Apo ndiye kuti nyumbayo sinakhalepo yopanda munthu ndipo simunakonzepo chilichonse, zomwe sizichitika. Chotsanipo miyezi iwiri ya nyumba yokhoma kapena lendi yosalipiridwa, patsala K800,000. Chotsaninso K100,000 ya penti, loko, mpopi wodontha ndi galasi losweka, patsala K700,000. Zaka zija zafika 17. Ngakhale pa chiwerengero choyamba chija, nyumbayo ikubweza 8 peresenti pachaka, pamene mu 2024 ngongole za kubanki zinali ndi chiwongoladzanja choposa 25 peresenti. Apa n'zoonekeratu kuti nyumba ya lendi singabweze yokha ngongole yoimangira. Za katapila ndiye musayerekeze n'komwe. Banki mkhonde ndi chipereganyu zimathandiza kugula malata kapena mafelemu a zitseko, ngati pali malipiro kapena bizinesi ina yobwezera. Njira imene yaimika nyumba zambiri kuno ndi ya pang'onopang'ono: chaka chino maziko, chaka chamawa khoma, denga likakwera malizani chitseko chimodzi munthu alowe, lendi yakeyo ithandize kumaliza chachiwiri.

Nanga phindu lake lili pati? Lili pa kusunga mphamvu ya ndalama. Kwacha itatsitsidwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, amene anasunga ndalama mu akaunti anadzuka atasauka, pamene amene anali ndi nyumba anaona mtengo wa simenti ndi malata ukukwera pamodzi ndi mtengo wa nyumba yawo. Anzathu a ku Thyolo amene ankadalira nthochi akudziwa mmene matenda a chisaka anapululira minda yawo. Nyumba yomangidwa bwino pa malo abwino sigwidwa matenda otere. Ndi chuma choyenda pang'onopang'ono, choyenera munthu woganiza za ukalamba wake ndi za ana.

Munthu akabwera kudzafuna nyumba, chezani naye mokwanira. Mufunseni kumene amagwira ntchito, kumene akuchokera, chimene akusamukira, ndi anthu angati adzakhalemo. Ngati n'kotheka lankhulani ndi landilodi wake wakale. Koma pali kusankha kwina kumene ine sindigwirizana nako. Ena amakana mayi wosakwatiwa, ati azibweretsa amuna. Ena amakana banja la ana ambiri, ena amayang'ana mtundu kapena mpingo wa munthu. Mwa anthu amene akhala m'nyumba zanga, amene anaisamala koposa anali namwino wolera yekha ana ake. Ankalipira tsiku lolandira lomwelo, anadzala masamba kuseri, ndipo mpopi ukayamba kudontha ankandiuza m'mawa mwake. Chofunika kudziwa ndi chakuti munthuyo angathe kulipira ndiponso angathe kukhala ndi anzake pa mpanda. Za moyo wake wa m'nyumba ndi zake. Akalipira lendi, pakhomopo ndi pake. Simungalowe osagogoda, simungamuwerengere alendo, ndipo ngati geti imatsekedwa usiku mupatseni kiyi wake, poti anamwino ndi apolisi amaweruka nthawi iliyonse.

Pangano lilembedwe, ngakhale pa tsamba limodzi, m'Chichewa chomveka kwa nonse. Lendi ndi zingati, tsiku lolipira ndi liti, dipoziti ndi zingati ndipo idzabwezedwa motani, notisi ndi ya nthawi yaitali bwanji kumbali zonse ziwiri, ndani akonza chiyani. Tsiku lolowa yendani limodzi m'nyumbamo, muwerenge magalasi, mababu, makiyi, mujambule makoma. Lisiti iperekedwe nthawi iliyonse, kapena mauthenga a pa foni asungidwe. Chizolowezi chofuna lendi ya miyezi itatu munthu asanalowe chafala, ndipo chimateteza landilodi, koma dziwani kuti kwa mphunzitsi wongoyamba ntchito ndi ndalama imene amakakongola. Amalowa m'nyumba mwanu ali kale ndi ngongole, ndipo mwezi wachinayi ndi umene vuto limaonekera. Ine ndimakonda mwezi umodzi ndi dipoziti.

Mikangano yambiri pa mpanda imayambira pa mita. Mabanja atatu pa mita imodzi ya ESCOM, wina ali ndi kuka ndi firiji, wina ali ndi mababu awiri ndi foni yokha, koma mayunitsi akugula mofanana. Magetsi akazima usiku mayunitsi atatha, aliyense amaloza mnzake. Ngati mungathe, khomo lililonse likhale ndi mita yake, ndipo pempho la magetsi liperekeni nyumba isanathe. Madzi a Southern Region Water Board chimodzimodzi. Kumene mita ndi imodzi, kagawidwe ka bilu kalembedwe m'pangano potengera kuchuluka kwa anthu, ndipo inu eni ake muziona kuti bilu yalipiridwadi, chifukwa tenanti akachoka ngongoleyo imatsalira pa nyumba yanu. M'madera amene amamwa madzi a mipopi yochokera m'phiri, dziwani komiti yoyang'anira ndi ndalama imene khomo lililonse limasonkha.

Tsiku lina munthu adzalephera kulipira. Limenelo ndi tsiku limene ulandilodi wanu umayesedwa. Tonse tawaona malandilodi amene amazula chitseko, kuchotsa lata pamwamba pa bedi mvula ili pafupi, kudula madzi, kapena kuponya katundu panja ana akuona. Ndi nkhanza, ndiponso zikhoza kukusandutsani wolakwa pa mlandu umene munali wolungama. Njira ilipo: kukambirana, kalata ya notisi, kuitana anyakwawa kapena atsogoleri a m'deralo, ndipo zikakanika bwalo la majisitireti. Imachedwa, inde. Koma chimene ndaona n'chakuti nkhani zambiri sizifika kutali landilodi akafika msanga. Tsiku lolipira likadutsa, pitani mukalankhule naye pambali, mwaulemu: “Achimwene, mwezi uno zavuta pati?” Munthu amene malipiro achedwa kapena wagwa m'maliro amakuuzani zoona, ndipo mumapangana tsiku. Munthu amene akuthawa foni, akulonjeza mawa losatha uku akugula sofa yatsopano, mumamuzindikiranso msanga. Ngongole ikafika miyezi itatu, ambiri sangathenso kuibweza ngakhale atafuna. Nthawi zina ndi bwino kumukhululukira gawo lina kuti atuluke mwamtendere, nyumba ipeze wina, kusiyana ndi kulimbana chaka chonse pa ndalama imene kulibe.

Kukweza lendi nako kumafuna nzeru. Zinthu zikakwera, lendi iyenera kukwera, apo ayi mudzalephera ngakhale kugula penti. Koma malipiro a tenanti sakwera tsiku limene kwacha yagwa. Muuzeni kukadali miyezi iwiri kapena itatu, kwezani kamodzi pachaka, ndipo tenanti wabwino musamuthamangitse chifukwa cha K10,000. Pa chitsanzo chathu chija, mukakweza ndi K10,000 mupeza K120,000 pachaka, koma akachoka nyumba n'kukhala miyezi iwiri yokhoma mwataya K160,000, osawerengera penti ndi ndalama ya ejenti. Ndipo pokweza, konzaniponso kanthu kooneka. Munthu amalipira mosanyinyirika akaona kuti denga lija lasiya kudontha.

Za abale ndinene mosabisa, poti tonse tili nawo. Mwana wa achemwali anu akapeza ntchito pa boma adzafuna kulowa m'nyumba mwanu, ndipo kumukana n'kovuta. Sankhani chimodzi pachiyambi pomwe. Ngati mukumuthandiza, nenani kuti ndi thandizo ndipo lidzatha liti. Ngati ndi tenanti, asaine pangano ngati wina aliyense, amalume akudziwa. Chimene chimaononga ubale ndi kusanena, iye akuganiza kuti akukhala kwa amayi ake aang'ono, inu mukuwerenga miyezi mumtima.

Msonkho ulipo. Lendi ndi ndalama yolowa ndipo lamulo limafuna kuti iziululidwa ku MRA. Kampani kapena bungwe likachita lendi nyumba yanu, limadula gawo la msonkho lisanakupatseni ndalama n'kukupatsani satifiketi yake, ndipo lidzakufunsani TPIN, nambala yanu yokhomera msonkho. Khalani nayo, ndipo sungani kope lolembamo zolowa ndi zotuluka za nyumba iliyonse, pamodzi ndi malisiti a zokonzera. Pa lendi ya mwezi uliwonse patulani kagawo kosakhudza, koyembekezera tsiku limene chimbudzi chidzadzaze kapena mphepo idzasasule lata.

Chotsiriza ndi chimene ambiri timachiopa kuchikamba. Nyumba ikamangidwa bwino imakhalitsa kuposa woimanga, ndipo nyumba za lendi ndi zimene zimayambanitsa abale kwambiri pa maliro, chifukwa zimatulutsa ndalama mwezi uliwonse ndipo aliyense amadziwa kuti ndi zingati. Matenanti amasokonezeka, lero kwabwera mwana wa malemu kudzatolera, mawa kwabwera mlongo wawo, ndipo abwino aja amasamuka. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Koma lamulo limagwira ntchito mosavuta pamene mwini chuma analemba wilo. Lembani, pamaso pa mboni ziwiri zimene sizidzalandirapo kanthu, mutchule nyumba iliyonse ndi woilandira, ndiponso amene azidzatolera lendi ana akadali aang'ono. Mapepala a malo, mapangano a matenanti ndi kope la ndalama zikhale pamodzi, ndipo munthu mmodzi wodalirika adziwe pamene zili. Ine ndinauza mwana wanga wamkulu ndi amalume ake, ndipo matenanti anga onse akudziwa nambala imene azidzatumizako lendi ine ndikadzadwala kapena ndikadzachoka.